Mmene mungapangire podcast ya nkhani zoopsa yochitikira m'katauni kakang'ono

Anthu akamva kuti ndimakonda masewero a mawu okhaokha, funso lawo limakhala limodzi: "Ndikufuna kuyamba podcast ya nkhani zoopsa, ndigule maikolofoni yanji?" Ndimayankha ndithu, koma maikolofoni imabwera kumapeto, ndipo amene amayambira kumeneko amajambula gawo loyamba lomveka bwino, lachiwiri lozizira, lachitatu osatuluka. Ndiye ndalemba zonse pano mwandondomeko yake, kuti wofunsa ndizingomulozera. Podcast ndi pulogalamu ya mawu imene anthu amaimvera pa intaneti. Ndikunena za sewero lopeka, lotuluka m'magawo, lochitikira m'tauni imodzi yaing'ono, lamtundu umene azungu amautcha Gothic.

1. Dziwani kaye mantha amene mukufuna

Nkhani za Gothic zinayambira ku England. Buku limene anthu amalitenga ngati loyamba ndi The Castle of Otranto la Horace Walpole, la mu 1764, ndipo dzinalo linachokera ku kamangidwe ka matchalitchi ndi zinyumba zamiyala zakale za ku Ulaya. Zipangizo zake sizinasinthe kwambiri: nyumba yakale imene ikuwola, banja losunga chinsinsi, ndi tchimo la makolo limene likubwerera kwa ana ndi adzukulu. Olemba a kum'mwera kwa dziko la United States atautenga mtunduwu, anachotsa nyumba zachifumu n'kuika matauni ang'onoang'ono ndi minda ya thonje imene inalimidwa ndi akapolo. M'dziko la ma podcast, imene inaonetsa anthu ambiri kuti tauni payokha ingakhale mwini nkhani ndi Welcome to Night Vale, yomwe inayamba mu 2012, yokambidwa ngati pulogalamu ya wailesi ya m'katauni kopeka ka m'chipululu.

Kusiyana kwake ndi nkhani zongodzidzimutsa n'kwakuti pano chilombo sichichokera kunja. Chinakwiriridwa ndi anthu a m'tauni momwemo, ndipo amadutsa pamene anachikwirirapo tsiku lililonse popita kuchigayo. Ngati mukufuna za mfiti youluka pa lichero kapena chigawenga chothamangitsa anthu ndi chikwanje, malangizo ano sakuthandizani kwenikweni.

2. Pekani tauni yanu

Musatenge tauni yeniyeni. Mukanena kuti kuseri kwa msika wakutiwakuti kunakwiriridwa anthu, pali mabanja enieni okhala kuseri kwa msikawo. Pekani dzina, lifufuzeni pa intaneti ndi pa mapu kuti muone ngati kulibe malo otchedwa choncho, ndipo musanene boma limene tauniyo ili. Mutha kungosonyeza kuti kuli phiri, kapena dambo, kapena njanji.

Ikhale yaing'ono moti mlendo akatsika basi masana, pofika madzulo aliyense akhale atadziwa kumene wagona. Ikhale ndi msewu umodzi wolowera, ndi chifukwa chomveka chimene msewuwo ungadukire: mlatho umene umamira mvula ikagwa kumapiri, basi imene imabwera kamodzi patsiku. Kenako jambulani mapu papepala, muikepo malo asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Omvera alibe maso pa nkhaniyi, sangasunge malo khumi m'mutu.

Simukusowa zomangira. Dziko lathu ladzaza ndi malo amene mbiri inawasiya pakati panjira. M'matauni ambiri a kumidzi muli mizere ya masitolo a makonde aatali amene amwenye anawasiya m'zaka za m'ma 1970, boma litawalamula kuti azichitira malonda m'mizinda yokha. Muli masiteshoni a sitima amene anangoti zii, monga a kuchigwa cha Shire njanji itaduka ku Chiromo mu 1997. Muli nyumba za maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, kumene agogo athu ankagwira thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha. Muli nyumba za machona amene anapita ku migodi ya ku Joni osabwerako, ndi mabanja amene anataya abale pa ngozi ya ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974. Tengani fungo la malo oterewa, mumange nalo tauni yanuyanu.

3. Lembani mlandu wa tauniyo, ndi amene akuudziwa

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amalumpha. Amayamba ndi zinthu zodabwitsa, kugogoda usiku, mwana wosowa, nyali yoyaka m'nyumba yopanda anthu, poganiza kuti chifukwa chake adzachipeza m'tsogolo. Sichipezeka. Pofika gawo lachinayi zodabwitsa zachuluka, palibe chingwe chozimanga, ndipo omvera amazindikira msanga kuti nayenso wolemba sakudziwa kumene akupita.

Musanalembe mzere umodzi wa sewero, lembani tsamba limodzi loyankha mafunso awa: chinachitika n'chiyani, chaka chanji, anachita ndani, anavulala ndani, anapindula ndani, ndipo n'chifukwa chiyani tauni yonse inagwirizana kukhala chete. Funso lomalizali ndiye msana. Chinsinsi cha munthu mmodzi chimapanga nkhani yaupolisi. Chinsinsi cha tauni yonse ndi chimene chimapanga mantha amtunduwu, chifukwa aliyense amene mlendo angathawireko ali m'kati mwa mlanduwo.

Ndipereke chitsanzo chopeka chimene tizigwiritsa ntchito mpaka kumapeto. Njala ya mu 1949 inavuta kwambiri kum'mwera, makamaka m'madera ozungulira Blantyre. Imeneyo ndi mbiri yeniyeni. Tsopano tipeke. M'tauni yathu munali nyumba yosungiramo katundu pa siteshoni ya sitima, yodzaza chimanga. Mabanja anayi ndiwo anali ndi makiyi. Anthu ochokera kumidzi anabwera kudzapempha, anagona pakhomo masiku ambiri, chitseko sichinatsegulidwe, ndipo amene anafera pamenepo anakwiriridwa kuseri usiku, popanda mwambo, popanda kuuza abale awo. Chimangacho chinagulitsidwa, ndipo ndalama zake ndi zimene zinamanga masitolo, sukulu ndi tchalitchi cha m'taunimo. Mlandu suwola: chaka chilichonse mu Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, kumabwera wogogoda.

Tsopano mupatseni malamulo wogogodayo, ndipo musawaphwanye ngakhale kamodzi. Tinene kuti amagogoda katatu, pansi pa chitseko, pamene pangafike dzanja la munthu wogona pansi. Salowa m'nyumba. Mukamuikira mbale ya madeya panja, amakusiyani n'kupita kunyumba yotsatira. Mukapanda kuika, wina m'nyumbamo amayamba kuwonda ngakhale akudya bwino. Onani chimene lamuloli likuchita: kudzipulumutsa ndiko kumukankhira mnzako. Tauni yonse ili ndi ndondomeko ya mbale imene palibe amaitchula, ndipo nyumba ya kumapeto kwa mzere, yopanda kwina komukankhira, ndi imene amapatsa alendo obwera kudzagwira ntchito. Mphunzitsi watsopano akafika n'kupatsidwa nyumba yabwino yotsika mtengo modabwitsa, nkhani yayamba kale.

Malamulo ndi amene amabala mantha. Womvera akadziwa kuti kugogoda kumakhala katatu, tsiku limene kudzamveke kachinayi adzaimika mpweya. Akapanda kudziwa lamulo, kachinayiko ndi phokoso chabe.

Mukatero, tengani pepala lina mulicheke mizere. Kumanzere lembani anthu anu, asapitirire asanu ndi mmodzi olankhula kawirikawiri. Pa munthu aliyense lembani zinthu zinayi: chimene akudziwa, chimene akuganiza kuti akudziwa koma chili chabodza, chimene angataye chinsinsi chikaululika, ndi gawo limene adzatsegule pakamwa. Mlonda wa pa siteshoni akudziwa pamene pali manda, koma akuganiza kuti agogo ake anali m'gulu la opempha, pamene iwo ndiwo anakumba dzenjelo. Mayi wogulitsa mandasi akudziwa za mbale zokha, ndipo amakhulupirira kuti ndi mwambo wopempha mvula. Agogo a m'nyumba yaikulu anali kamtsikana mu 1949, anaona zonse pazenera, ndipo m'sutikesi mwawo muli kiyi. M'busa ndi wobwera, wauzidwa theka, ndipo wasankha kusafunsa theka linalo.

Pepala limeneli ndi limene lidzakulemberani zokambirana. Anthu awiri akakumana, mudzadziwa chimene aliyense akubisa, ndipo mawu awo adzayenda m'mbali mwa nkhaniyo monga anthu enieni amachitira. Kwathu kuno munthu wamkulu sanena kuti "sindikuuza." Amati, "Aphunzitsi, mwadya kale?" Gwiritsani ntchito ulemu wathuwu. Palibe chowopsa kuposa tauni imene aliyense akukulandira ndi manja awiri, akukufunsa za kumudzi, koma palibe akukuyang'ana m'maso ukatchula nyumba imene ukugona.

Gawani chinsinsicho m'magawo. Ngati muli ndi magawo asanu ndi atatu, gawo lililonse liyankhe funso limodzi laling'ono n'kutsegula lina lalikulupo. Loyamba: ndani akugogoda? Lachiwiri: mbalezi n'zachiyani? Lachitatu: anthu amene ankakhala m'nyumbayi anapita kuti? Lembani mathero musanayambe, ndipo mathero ake akhale ndi mtengo umene wina alipire. Mphunzitsi akhoza kuulula, koma akaulula sukulu imene ana ake akuphunzira ikhala yomangidwa pa mafupa m'maso mwa dziko lonse. Akhoza kuthawa, koma akudziwa kuti mphunzitsi wina akubwera. Sankhani inuyo, kungoti musankhe tsopano.

4. Sankhani wotiuza nkhaniyi, ndi chifukwa chake tikuimva

Njira zodziwika ndi zitatu. Yoyamba ndi sewero wamba, monga tinazolowera pa Sewero la Sabata Ino la MBC, pamene timangomva anthu akulankhulana. Yachiwiri ndi munthu mmodzi wofotokoza. Yachitatu ndi mawu amene akuoneka ngati anajambulidwa m'nkhani momwemo: mphunzitsi wathu akutumizira mchemwali wake mauthenga a mawu pa WhatsApp usiku uliwonse, kapena muulutsi wa wailesi ya m'dera akuwerenga mauthenga a maliro ndi a mbuzi zosowa.

Kwa woyamba kumene ndimalimbikitsa yachitatu. Imafuna osewera ochepa, ndipo ngati mawu sakumveka mwaukadaulo, nkhaniyo yafotokoza kale chifukwa chake. Cholakwika chofala n'chakuti munthu akupitiriza kujambula pamene aliyense wamutu wake akanataya foni n'kuthawa. Mupatseni chifukwa: foni yagwera pansi ikujambulabe, kapena akuopa kukhala yekha ndiye akulankhula kuti amve mawu a munthu.

5. Lembani za khutu

Chilichonse chimene sichimveka kulibe. Komabe musathetse vutoli polankhulitsa anthu zimene akuona. Mzere wonga "Taonani, chitseko chikutseguka chokha ndipo kwalowa mayi wovala zoyera!" umapha sewero nthawi yomweyo; palibe munthu wamantha amene amalankhula choncho. Yerekezani ndi izi:

Mphunzitsi: Achimwene, munatseka kukhitchini?
Mlonda: Ndinatseka, aphunzitsi.
Mphunzitsi: Ndi loko?
Mlonda: Kiyi ndi uyu.
Phokoso: supuni ikukanda pansi pa mbale yachitsulo, chapatali, pang'onopang'ono.
Mlonda: Musapiteko. Musiyeni amalize.

Sitinaone kanthu, koma tadziwa kuti kukhitchini kuli wina, kuti mlonda akumudziwa, ndi kuti aka si koyamba.

Malo aliwonse pa mapu anu apatseni phokoso lakelake limene lizibwera nthawi zonse tikafikako. Siteshoni ikhale ndi lata lomasuka limene mphepo imaliwombetsa. Nyumba ya agogo ikhale ndi wotchi yapakhoma. Kumsika kumveke chigayo chapatali. Pofika gawo lachitatu womvera adzadziwa kumene ali m'masekondi awiri, popanda womuuza. Anthunso azitchulana mayina kapena maudindo kumayambiriro kwa chochitika chilichonse, zomwe m'Chichewa n'zosavuta chifukwa moni wathu amachita kale ntchitoyo. Posankha osewera, musaike anthu awiri a mawu ofanana m'chochitika chimodzi. Tsekani maso muwamvere. Ngati mukuwasokoneza inu, omvera ndiye kaya.

Gawo likhale la mphindi 12 mpaka 18. Musayeze ndi masamba. Werengani mokweza ndi wotchi, mukusiya mipata ya phokoso, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali ndipo tsamba limodzi limadya nthawi kuposa mmene likuonekera. Powerenga mokwezamo mudzamvanso ziganizo zimene lilime likukana. Zimenezo zilembeninso mmene munthuyo anganenere ali pakhonde pake.

6. Ikani malire musanajambule

Ili si gawo lokongoletsa. Mawu ojambulidwa amayenda okha pa foni, amadulidwa, amafika kwa anthu amene sanamve chiyambi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena akumeneko. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Sewero lanu lisaponye nkhuni pamoto umenewu.

Choncho woipa wa nkhani yanu asakhale nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, mlendo wonyamula chikwama cha zipangizo zachipatala, munthu wodwala misala kapena wakhunyu. Anthu achialubino musawaike m'nkhani ngati chizindikiro cha zamatsenga mwanjira iliyonse. Abale athuwa aphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha mabodza otero. Gule Wamkulu si chilombo cha sewero. Ndi mwambo wa anthu amoyo, umene UNESCO inauzindikira mu 2005, ndipo za kudambwe zili ndi eni ake. Musajambule nyimbo kapena ng'oma zake mobisa kuti muwopsezere anthu. Mtundu wa Gothic umakuthandizani pano, chifukwa mlandu wake umagwera anthu olemekezeka, okhala m'nyumba zabwino, amene anapindula. Ndipo ngati mwasankha njira ya mauthenga a pa WhatsApp kapena ya muulutsi wa wailesi, nenani ndi mawu omveka, kumayambiriro ndi kumapeto kwa gawo lililonse, kuti ili ndi sewero lopeka ndipo tauniyi kulibe.

7. Jambulani

Tsopano maikolofoni ija. Foni yabwinobwino ikwanira nyengo yoyamba, kutanthauza mndandanda woyamba wa magawo. Ikani pa flight mode, gwiritsani ntchito pulogalamu yojambula imene imasunga mawu ngati WAV (mtundu wa fayilo ya mawu osafinyidwa) pa 44.1 kHz, ndipo musaigwire m'manja. Isanjikeni pa pilo kapena pa mulu wa zovala. Mukadzakhala ndi ndalama, gulani maikolofoni ya mtundu wa dynamic yolowa pa USB, chifukwa siitola kwambiri phokoso la kutali monga imachitira ya condenser.

Chipinda n'chofunika kuposa chipangizo. Chipinda chopanda kanthu, cha simenti pansi ndi makoma osalala, chimabweza mawu, ndipo zimenezo sizichotseka pa kompyuta. Lowani kuchipinda chogona, imikani matiresi kukhoma, pachikani mabulangete pazenera ndi kumbuyo kwa wolankhula. Ngati denga ndi la malata opanda siling'i, pewani masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa malata akatentha amalira "the, the" pang'onopang'ono, ndipo khutu lanu silimva koma foni imatola. M'bandakucha muli atambala, madzulo muli ana ndi mawailesi a aneba. Mverani dera lanu masiku angapo mupeze ola limene limakhala bata. Zimitsani filiji ndi fani, ndipo tchajani zonse pasadakhale kuti magetsi akathima ntchito isaime.

Pakamwa pakhale pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa maikolofoni, ndipo wosewera alankhule cham'mbali pang'ono, osati molunjika. M'Chichewa muli ph, th ndi kh wambiri, ndipo mpweya wa mawu onga "phiri" ndi "phokoso" umamenya maikolofoni n'kuphulika. Pindani waya wa hang'ala mozungulira, muvekeni sokosi yopyapyala, muike pakati pa pakamwa ndi maikolofoni. Mawu akakwera kwambiri azifika cha pa -12 dB pa muyezo wa mawu wa m'pulogalamu yojambulira. Akagunda 0 aphwanyika ndipo sakonzeka. Wokuwa abwerere m'mbuyo mamita awiri asanakuwe. Wonong'ona asanong'one zenizeni, chifukwa kunong'ona kwenikweni kumangomveka mpweya. Ayandikire, atsitse mawu, koma liwu likhalemo.

Musanatuluke m'chipindamo, aliyense akhale chete mujambule mphindi imodzi ya bata la chipindacho. Mudzaifuna potseka mipata. Uzaninso osewera anu kuti asachite mawu onjenjemera a "mzukwa." Munthu wamantha enieni amayesetsa kumveka ngati zonse zili bwino, ndipo kuyesetsako ndi kumene kumagwira womvera.

8. Pangani phokoso lanu

Phokoso la zochitika, limene a mafilimu amalitcha Foley potengera dzina la Jack Foley amene ankagwira ntchitoyi ku Hollywood, lijambuleni padera, osati nthawi imodzi ndi mawu. Zambiri zili pakhomo panu. Phesi louma la chimanga kapena nzimbe mukaithyola pafupi ndi maikolofoni imamveka fupa. Pepala la pulasitiki lokhuthala mukalifinya pang'onopang'ono limamveka moto. Mchenga ndi timiyala m'beseni zimapereka mapazi a panjira. Chitseko cholira chipezeni chenicheni, muchitsegule kangapo mosiyanasiyana liwiro. Mvula ya pa malata ijambuleni ikamagwa, muisunge, chifukwa mu Ogasiti simudzaipeza.

Pa intaneti pali malo monga Freesound kumene anthu amaika phokoso laulere, koma werengani chilolezo cha lililonse: la CC0 mutha kuligwiritsa ntchito mmene mufunira, la CC BY limafuna kuti mutchule mwini wake, ndipo lolembedwa NC silololedwa pa zamalonda. Chenjerani ndi usiku wa kumaiko ena. Mimbulu yolira ndi mphepo ya chipale sizili m'makutu a womvera wanu. Usiku wake uli ndi nkhululu, achule a m'dambo, lumbe, kadzidzi padenga, agalu olandizana kuuwa, ndi fisi chapatali. Tulukani ndi foni mukatole zimenezo.

Chida champhamvu kuposa zonse ndi kuchotsa. Ikani nkhululu pansi pa chochitika chonse cha usiku, motsika, mpaka womvera aziiwale. Wogogoda akayandikira, zidulani. Womvera sadziwa chimene chasintha, koma thupi lake lidziwa. Musachite zimenezi kawirikawiri. Kamodzi pa gawo n'kokwanira.

Nyimbo zikhale zochepa, ndipo zikhale zanu. Musatenge nyimbo ya woimba aliyense kapena ya kwaya popanda chilolezo. Za umwini wa nyimbo m'Malawi zimayendetsedwa ndi bungwe la COSOMA, ndipo malo monga Spotify ndi YouTube amachotsa zinthu zodandaulidwa. Munthu mmodzi wong'ung'udza kanyimbo kamene mwapeka nokha, kapena mawu atatu a kalimba obwerezedwa, akwanira kukhala chizindikiro cha sewero lonse.

9. Lumikizani ndi kuyesa

Audacity ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta ndipo ikwanira zonsezi. M'pulogalamumo mawu a munthu aliyense akhale ndi mzere wake (track), phokoso la malo mzere wake, la zochitika mzere wake. Yambani ndi mawu a anthu okha mpaka nkhani iziyenda, kenako muonjezere zinazo. Pochotsa kusokosera kwa pansi, sankhani kachigawo ka bata lija, pitani pa Noise Reduction mutenge Noise Profile, ndiye muchotse pang'ono chabe; mukanyanya, anthu amamveka ngati akulankhulira pansi pa madzi. Musadule mpweya wonse wa osewera. M'sewero loopsa kupuma ndi gawo la mawu.

Pomaliza kwezani gawo lonse lifike cha pa -16 LUFS, umene ndi muyezo wa kukwera kwa mawu umene Apple Podcasts imalimbikitsa, ndipo pamene mawu akwera kwambiri pasapitirire -1 dB. Kenako chitani chimene ambiri sachita: limvereni pa sipika ya foni yotchipa, muli panja pamene pali phokoso. Omvera anu ambiri ali m'minibasi, kukhitchini, kapena avala hedifoni khutu limodzi. Kugunda kwakuya kumene kumanjenjemeretsa pa mahedifoni abwino sikutuluka n'komwe pa sipika ya foni, ndipo phokoso limene mwaliika khutu lakumanzere lokha lidzasowa kwa amene wavala lakumanja. Chilichonse chofunika pa nkhani, monga kugogoda kuja, chimveke pakati ndiponso pa kasipika kakang'ono. Bata lenileni lisapitirire masekondi atatu kapena anayi, apo ayi munthu ayang'ana foni poganiza kuti yazima.

Tulutsani ngati MP3. Ganizirani bandulo ya womvera: gawo la mphindi 15 pa 64 kbps (muyezo wa kulemera kwa fayilo pa sekondi) mono (mawu ofanana m'makutu onse awiri) limalemera pafupifupi 7 MB, pamene pa 128 kbps limafika cha pa 14 MB. Pa sewero la mawu, 64 kbps mono imamveka bwino ndithu.

10. Tulutsani

Musatulutse gawo loyamba musanamalize atatu, ndipo zolemba za nyengo yonse zikhale zitatha. Osewera amasamuka, amadwala, amapeza ntchito kutali. Ngati n'kotheka jambulani mizere yonse ya munthu mmodzi m'masiku oyandikana. Gwirizanani polemba, ngakhale pa tsamba limodzi, kuti mawu awo mudzawagwiritsa ntchito kuti, ndipo ndalama zikadzapezeka zidzagawidwa bwanji.

Kuti podcast ipezeke m'mapulogalamu omvera, imafuna malo oisunga amene amakupatsani adiresi yotchedwa RSS. Adiresi imeneyo ndi imene mumapereka ku Apple Podcasts ndi kwina, ndipo gawo latsopano likakwezedwa limafika lokha konseko. Spotify for Creators imasunga kwaulere. Chithunzi cha pachikuto chikhale chofanana mbali zonse, cha mapikiselo pakati pa 1400 ndi 3000, ndipo dzina liwerengeke ngakhale chitachepa pa foni. Ikaninso pa YouTube ndi chithunzi chokhazikika, chifukwa anthu ambiri kwathu kuno amafufuzira kumeneko.

Dziwani kuti gawo lalikulu la omvera lidzalandira sewerolo pa WhatsApp kapena pa memori khadi, dzina la fayilo litasintha kale. Choncho m'masekondi 20 oyamba a gawo lililonse nenani ndi pakamwa dzina la podcast, nambala ya gawo, chenjezo lakuti ndi nkhani yopeka yosayenera ana aang'ono, ndi kumene magawo ena akupezeka. Sankhani tsiku limodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, mulinene poyera, mulisunge. Ngati m'dera lanu muli wailesi ya m'mudzi, apititsireni magawo atatu omalizidwa aja pa fulashi, ndipo muwapemphe nthawi ya usiku, ana atagona.